Mpope Umene Unachulukitsa Nsabwe

Kodi munapoperapo mankhwala m'munda, tizilombo n'kuyoyoka, inu mtima n'kukhala m'malo, koma patangotha masabata awiri n'kupeza nsabwe zili mbwee kunsi kwa masamba kuposa kale? Nanga munatani pamenepo? Musabise. Ambiri amathamangira kusitolo kukakalipira wogulitsa kuti mankhwala aja anali osukuluka, awapatse ena aukali. Ena amangowonjezera muyezo: pamene pepala lanena kuti chitsekerero chimodzi, iwo amathira ziwiri. Ngati ndi zimene mumachita, takhalani pansi mumve zomwe zinagwera alimi a mtedza wa pecan ku Georgia, kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la America. Anthu amenewo anali ndi mathirakitala, ndalama ndi alangizi ophunzira kwambiri. Zonsezo sizinawaletse kugwa m'mbuna yomwe inu mwaima m'mphepete mwake lero.

Pecan ndi chimtengo chachikulu. Chikakhwima chimatalika kupitirira mamita 20, ndipo chimatha kubereka zaka zoposa 100. Kwawo ndi ku North America komweko, ndipo Georgia ndi limodzi mwa madera amene amalima mtedzawu kwambiri, makamaka kuzungulira mzinda wa Albany. Tsamba lake limodzi limakhala ndi timasamba pakati pa 9 ndi 17. Chuma cha mlimi chagona pa masamba amenewa. Mu Ogasiti ndi Seputembala ndi pamene mtedza umadzaza mnofu, ndipo nthawi yomweyo mtengo umakhala ukusunga chakudya cha chaka chamawa. Masamba akathothoka nthawi isanakwane, mlimi amaluza kawiri: mtedza wa chaka chino umakhala wamphwephwa, ndipo chaka chamawa mtengo umabereka pang'ono.

Pali mitundu itatu ya nsabwe imene imakhala pa mtengowu. Iwiri ndi yachikasu. Imeneyi imayamwa madzi a m'masamba n'kumatulutsa madzi omata, otsekemera, amene amadontha pa masamba apansi. Pa madziwo pamamera chuku chakuda bii, chimene chimaphimba tsamba kuti lisaone dzuwa. Mtundu wachitatu ndi wakuda, ndipo ndiwo woopsa. Malovu ake amawotcha tsamba: pamayamba kachigamba kachikasu pakati pa mitsempha, kenako n'kufiira, tsamba n'kugwa. Koma dziwani ichi: nsabwe zimenezi si zachilendo. Zakhala ndi mtengowu kuyambira kalekale, pamodzi ndi adani ake amene amazidya. Pali tizikumbu ta ladybird, pali mphutsi za lacewing, pali akangaude, pali timavu tating'onoting'ono, ndiponso matenda amene amagwira nsabwezo n'kuzipha.

Mdani amene ankasowetsa mlimi tulo sanali nsabwe ayi. Anali nankafumbwe wa pecan, wa mlomo wautali. Iyeyu amatuluka m'nthaka mu Ogasiti ndi Seputembala, makamaka mvula ikagwa, n'kukwera mumtengo. Wamkazi amaboola chikhokho cha mtedza n'kuikira mazira m'kati. Mphutsi zimadya mnofu wonse, zimaboola kabowo kozungulira, zimagwera pansi n'kukakhala m'nthaka zaka ziwiri kapena zitatu. Popeza anankafumbwewa satulukira tsiku limodzi, mlimi ankapopera mobwerezabwereza, pafupifupi sabata ndi sabata. Mankhwala odalirika anali carbaryl, amene amagulitsidwa ndi dzina loti Sevin, omwe alimi athu a thonje akale amawadziwa bwino. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunafala mankhwala a gulu la pyrethroid, abale ake a cypermethrin amene ali m'sitolo iliyonse ya zaulimi kuno kwathu. Anali otsika mtengo, ndipo ankagwetsa kachilombo kalikonse kamene akakhudza.

Nankafumbwe ankafadi. Koma m'mbuyo mwa mpope munkabwera nsabwe zochuluka kuposa zimene zinalipo asanapopere, pamodzi ndi tiakangaude towotcha masamba, abale ake a kangaude wofiira amene amavutitsa alimi a tomato. Alimi anayamba kupoperanso nsabwezo. Zinkatha, n'kubweranso. Anapoperanso. Posakhalitsa mankhwala amene kale ankazipha anasiya kuzigwira. Mu 1985 James Dutcher, katswiri wa tizilombo wa pa yunivesite ya Georgia ku Tifton, anasindikiza zofufuza zake pa mavuto awiri omwewa: kubwereranso kwa nsabwe za pecan pambuyo popopera, ndi kupirira kwake ku mankhwala. Alimi ena anafika pothira aldicarb m'nthaka kuti mtengo uyamwe poizoniyo ndi mizu. Ameneyu ndi Temik, tameki yemweyo amene kuno watilanda abale ambiri. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera imidacloprid, amene poyamba ankagwira ntchito modabwitsa. Anthu anamukonda, anamuthira chaka ndi chaka, ndipo zaka 20 zisanakwane alangizi anayamba kuchenjeza kuti nayenso wayamba kulephera.

Nkhani ndi imeneyo. Tsopano tiyeni tiime pamene panalakwika, chifukwa pamenepo ndi pomwe inunso mungapunthwe.

Nsabwe ya pa zomera sibereka monga tizilombo tina. M'nyengo yotentha yaikazi sifuna yaimuna. Siikira mazira, imabala ana amoyo, onse aakazi, ndipo mwanayo amabadwa ali kale ndi tiana tikuumbika m'mimba mwake. Pakangotha pafupifupi sabata imodzi, nayenso wayamba kubala. M'chaka chimodzi nsabwe za pecan zimatha kufika mibadwo yoposa 20. Tsono yerekezani ndi kachikumbu ka ladybird. Kameneka kamayamba ndi dzira, n'kukhala mphutsi, n'kugona m'chikwa, kenako n'kutuluka kachikumbu. Ulendo wonsewo umatenga masabata atatu kapena anayi, ndipo kakatuluka kayenera kupeza kanzake kaye kasanaikire mazira.

Tiyerekeze kuti mwapopera, ndipo pa nsabwe 100 zilizonse mwapha 95. Mukuona ngati mwapambana. Koma zisanu zatsala zija zili kuti? Zili kunsi kwa tsamba, kapena kunsonga kwa mtengo kumene mankhwala sanafike bwino. Nsabwe imakhala malo amodzi, mlomo uli m'tsamba, osayendayenda. Adani ake ndiwo oyenda. Mphutsi ya ladybird imakwera ndi kutsika tsiku lonse kusaka chakudya, ndiye imaponda paliponse pamene mankhwala agwera, n'kudyanso nsabwe zimene zamwa kale poizoni. Imene yapulumuka imapeza chakudya chatha, n'kufa ndi njala. Tizikumbu tokhala ndi mapiko timathawira kutali. Nanga zisanu zija? Zimapeza masamba onse ali awo, wozisaka palibe. Zina za mapiko zimaulukira kuchokera m'munda wa mnansi. Pofika sabata yachitatu mtengo wadzaza, pamene adani aja sanayambe n'komwe kubwerera. Zili ngati munthu amene watchera makoswe mankhwala, mphaka n'kudya khoswe wakufayo n'kufa naye. Mwezi usanathe makoswe ali pa denga kuposa kale, ndipo mwini nyumba akudabwa kuti achokera kuti.

Palinso china choipa kuposa apa. Zisanu zija sizinapulumuke zonse mwamwayi. Zina zinapulumuka chifukwa matupi awo amatha kulimbana ndi mankhwalawo. Popeza mwana wa nsabwe amatengera mayi ake ndendende, popanda kusakaniza magazi ndi bambo, ana onse amabadwa ndi mphamvu yomweyo. Mukapopera kachiwiri mumapha zofooka n'kusiya zolimba. Kachitatu chimodzimodzi. Mlimi amakhala akusankha mbewu ya nsabwe yolimba ndi manja ake, ndi ndalama zake, osadziwa.

Kulakwa kwenikweni sikunali kupopera koyamba kuja. Nankafumbwe ndi mdani weniweni, ndipo mlimi amene angomusiya akhoza kutaya gawo lalikulu la zokolola. Sindikukuuzani kuti mutaye mpope. Kulakwa kunali pa kumasulira zimene anaona pambuyo pake. Nsabwe zitachuluka, funso loyenera linali lakuti: kodi chimene chinkazidya chapita kuti? Koma funso limene anthu ambiri anafunsa linali lakuti: kodi tizithire chiyani? Funso lachiwirili lili ndi woyankha nthawi zonse, ndipo woyankhayo ali ndi botolo m'manja. Loyambalo limafuna kuti munthu alowe yekha m'munda, atembenuze masamba, adikire masiku angapo mtima uli m'mwamba. Ndani amakonda kudikira pamene ngongole ya kubanki ikuyenda?

Ndipo sikuti mpope wa nankafumbwe ndiwo unkapha wokha abwenzi a mlimiwa. Ku Georgia kumagwa mvula yambiri, ndipo pecan amagwidwa ndi matenda a madontho akuda pa masamba ndi pa mtedza, moti alimi amapopera mankhwala a matendawo kangapo pa chaka. Akatswiri anapeza kuti mankhwala amenewa amafooketsanso chuku china chimene chimadwalitsa nsabwe. Feteleza wa naitirojeni akachuluka, mtengo umatulutsa masamba anthete, a madzi ambiri, amene nsabwe zimanenepa nawo. Pansi pa mitengo napo ankapasesa ndi mankhwala opha udzu ndi makina otchetcha, kuti munda uzioneka bwino ndiponso kuti makina otolera mtedza aziyenda mosavuta. Koma tizikumbu tidya chiyani miyezi imene mumtengo mulibe nsabwe? Louis Tedders, wofufuza wa boma la America ku Byron, m'dera lomwelo la Georgia, anasonyeza kuti kubzala mbewu za gulu la nyemba, monga vetch ndi clover, pakati pa mizere ya mitengo kumasunga mitundu ina ya nsabwe imene sikhudza pecan. Tizikumbu timaswana pa nsabwe zimenezo, ndipo mbewuzo zikayamba kuuma timakwera m'mitengo tili tambirimbiri. Munda wosesedwa kuti mbee umakondweretsa maso a mlendo, koma nsabwe zikafika zimapeza pakhomo palibe munthu.

Mwina mukuti: tizilombo tating'ono chotere tingachite chiyani pa munda wa mahekitala mazanamazana? Yankho lili ku California, pa mtedza wina wotchedwa walnut. Kumeneko kunali nsabwe yachilendo, yochokera kutsidya kwa nyanja, imene inafika yopanda adani ake ndipo inavutitsa alimi zaka zambiri. Mu 1959 akatswiri anabweretsa kamavu kotchedwa Trioxys pallidus kuchokera ku France. Kamavu kameneka n'kakang'ono moti mungakaphonye ndi maso. Kamabaya nsabwe n'kuikira dzira m'kati mwake; mphutsi imadya nsabweyo kuchokera m'kati, n'kusiya chikhungwa chouma, chotupa, chomatirira pa tsamba. Ka ku France kaja kanakhazikika m'madera ozizirirako a m'mbali mwa nyanja, koma kanalephera m'chigwa chotentha cha Central Valley kumene kuli minda yambiri. Mu 1968 Robert van den Bosch wa pa yunivesite ya California ku Berkeley anabweretsa kamavu ka mtundu womwewo kuchokera ku Iran, kumene nyengo ndi yotentha ndi youma mofanana ndi chigwacho. M'zaka zowerengeka kanafalikira, ndipo nsabwe ija inasiya kukhala vuto lalikulu. Mpaka lero, ikabuka m'munda wa walnut, alangizi amayamba afunsa kaye ngati mwinimunda anapopera mankhwala opha chilichonse polimbana ndi mbozi yoboola mtedza. Malangizo awo ndi akuti munthu asapopere pokhapokha nsabwe zamoyo zitapitirira 15 pa katsamba kamodzi.

Ife sitiyenera kudabwa nazo zimenezi. Kodikodi atawononga chinangwa ku Nkhata Bay pakati pa zaka za m'ma 1980, chimene chinamugonjetsa si mpope, koma kamavu kochokera ku South America.

Pamenepa wina akhoza kuganiza kuti njira ndi yophweka: ukapha adani a nsabwe a kwanu, kaitane ena kunja. Imvani mbali yachiwiri ya nkhani ya ku Georgia. Pakati pa 1978 ndi 1981, Tedders yemwe uja anamasula ku Byron tizikumbu ta ladybird tochokera ku Japan, totchedwa Harmonia axyridis, n'cholinga choti tizidya nsabwe za pecan. Kachikumbu kameneka kanali katayesedwapo ku California mu 1916 koma osakhazikika. Mu 1988 kanapezeka katakhazikika ku Louisiana. Akatswiri amatsutsanabe ngati kanachokera pa timene boma linamasula m'madera osiyanasiyana kapena kanabwera ndi sitima zapamadzi. Mulimonsemo, pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 kanali katafalikira mbali yaikulu ya America mpaka ku Canada. M'minda ya pecan kanagwiradi ntchito: nsabwe zinachepa, ndipo alimi ambiri anachepetsa kupopera.

Koma kachikumbu kameneka sikasankha chakudya. Nsabwe zikatha kamadya mazira ndi mphutsi za tizikumbu tinzake ta m'dzikomo. Nyengo yozizira ikayandikira kamasonkhana m'magulu a zikwizikwi n'kulowa m'nyumba za anthu, ndipo ukakasokoneza kamatulutsa madzi achikasu onunkha amene amathimbiriritsa makoma ndi makatani. Kamabisala m'mphesa zakupsa, n'kufinyidwira limodzi nazo. Mu 2001 opanga vinyo ku Ontario anataya vinyo wambiri chifukwa cha fungo lake. Ku Ulaya makampani ena ankakagulitsa kwa alimi kuti kazidya nsabwe. Mu 2004 kanafika ku Britain, ndipo kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti kachikumbu ka madontho awiri ka kumeneko kanachepa ndi 44 peresenti m'zaka zisanu mlendoyu atafika. Abale athu okhala ku London amakaona kataunjikana m'makona a mawindo mu Okutobala. Ku South Africa kanapezeka koyamba mu 2001 ku Western Cape, ndipo ofufuza atayeza chibadwa chake anapeza kuti kanachokera kum'mawa kwa North America. Kusiyana kwake ndi kamavu ka ku Iran n'koonekeratu. Kamavu kaja kamadalira nsabwe za mitundu yochepa kwambiri, ndiye zikachepa nakonso kamachepa. Kachikumbu aka kamadya chilichonse, ndipo kakalowa m'dziko palibe amene angakatulutse. Mdani wa nsabwe amene ali kale m'munda mwanu ndi wamtengo wapatali chifukwa womulowa m'malo sapezeka mwachisawawa.

Tsono mudziwa bwanji kuti mwayamba kutsetsereka? Chizindikiro choyamba chili pa kalendala yanu. Kodi masiku a pakati pa kupopera ndi kupopera akucheperachepera? Chaka chatha munkapopera kamodzi pa mwezi, chaka chino pa masabata awiri aliwonse? Musanene kuti tizilombo ta chaka chino n'taukali. Funsani chimene chasintha m'munda mwanu. Kodi muyezo umene unkagwira ntchito kale tsopano ukufuna kuwonjezera? Kodi pabuka kachilombo kena kamene simunkakadziwa, monga tiakangaude kapena nthata zoyera zomatirira ku nthambi, patangopita masiku mutapopera china chake? Kachilombo kameneko kanalipo kale. Chinalipo chimene chinkakadya, ndipo mwachipha ndinu.

Chizindikiro china, chimene anthu ambiri amachiona ngati nkhani yabwino, ndi munda wa zii. Mukalowa m'mawa osakodwa ndi ukonde wa kangaude kumaso, osaona njuchi pa maluwa, osaona kanthu kakuyenda pa tsamba, musasangalale. Munda umenewo uli pangozi kuposa wa mnzanu umene muli nsabwe zochepa apa ndi apo.

Ndiye pali kusadziwa nkhope za abwenzi anu, ndipo apa ndipo pamandidetsa nkhawa kwambiri. Kachikumbu kofiira kapena kachikasu ka madontho akuda aliyense amakadziwa. Kuno kwathu timaona kwambiri ka mtundu wa Cheilomenes, kakuda kokhala ndi mawanga achikasu ndi ofiira. Koma mwana wake mumamudziwa? Ndi kamphutsi kakuda, kotalikirapo, ka miyendo isanu ndi umodzi, ka thupi lokhakhala lokhala ndi timadontho tachikasu, kothamanga pakati pa nsabwe. Maonekedwe ake si osangalatsa, ndipo alimi ambiri amakatswanya ndi chala poganiza kuti ndiko kakuwononga. Kamphutsi kamodzi kameneko kamadya nsabwe mazana angapo kasanakule. Timazira tachikasu toima mondondozana kunsi kwa tsamba ndi ta ladybird. Timazira toyera, kalikonse kali pansonga pa kaulusi kake, ndi ta lacewing. Kamphutsi kobiriwira kopanda miyendo kogona pakati pa nsabwe ndi mwana wa ntchentche ya mizere yachikasu imene imaima m'malere pamwamba pa maluwa. Nakonso chakudya chake ndi nsabwe. Mukaona nsabwe zina zatupa, zauma, zasanduka zotuwa kapena zakuda, zina zili ndi kabowo kumsana, dziwani kuti timavu tafika kale ndipo ntchito ili m'kati. Mukapopera tsiku limenelo, mukupha ndani? Chenjerani ndi chimodzi chokha: pali zikumbu zina zofanana ndi ladybird, zosawala, zokhala ndi tiubweya, zimene zimadya masamba a maungu ndi mbatatesi. Zimenezo mudzazipeza pa tsamba lokukutidwa, osati pakati pa nsabwe.

Yang'ananinso nyerere. Zikamakwera ndi kutsika pa thunthu mumzere wosaduka, pamwambapo pali nsabwe kapena tizilombo tina toyamwa. Nyerere zimakonda madzi otsekemera aja, ndipo zimathamangitsa mphutsi za ladybird kuti zisadye nsabwezo. Nthawi zina kutsekereza nyerere pa thunthu n'kokwanira kuti abwenzi aja amalize okha ntchito.

Alangizi a pecan masiku ano amaphunzitsa zosiyana ndi zimene makolo a alimiwo ankachita. Nsabwe zachikasu zoyamba pa chaka amati zisiyeni, chifukwa ndizo chakudya chimene chimaitana ndi kuswanitsa adani awo nyengo yovuta isanafike. Amati musagwiritse ntchito pyrethroid kumayambiriro kwa nyengo. Ku Texas amalangiza kuwerenga kaye: zachikasu zipitirire 25 pa tsamba lathunthu musanaganize zopopera, pamene zakuda ziwiri kapena zitatu zokha n'zokwanira kuchitapo kanthu. Mwaona kusiyana kwake? Zonse ndi nsabwe, pa mtengo umodzi, koma amene sadziwa kuzisiyanitsa adzapopera pamene sipafunika, kapena adzachedwa pamene pafunika changu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Alimi akapopera amasankha mankhwala amene amagwira tizilombo toyamwa tokha, ndipo amasinthasintha magulu a mankhwala, osati maina okha a pa botolo.

Mwina mukuti ine pecan sindilima, za ku Georgia zindikhudza bwanji? Ngati muli ndi mitengo ya macadamia ku Thyolo, ku Mulanje, ku Ntchisi kapena ku Mzimba, nankafumbwe wanu ndi anunkhadala, tizilombo tonunkha tija toboola mtedza usanakhwime. Ndi mdani weniweni, ndipo mankhwala otchipa omuphera ndi a gulu lomwe lija la pyrethroid. Alimi a macadamia ku Limpopo ndi Mpumalanga aona kale anunkhadala akuyamba kupirira mankhwalawa chifukwa chowabwereza. Kumbukiraninso kuti macadamia amadalira njuchi kuti abereke bwino. Mukapopera mitengo ili pa maluwa, mwadula zokolola ndi dzanja lanu. Ngati mulibe mitengo, muli ndi dimba la repu, mpiru kapena kabichi, muli ndi thonje, muli ndi nyemba. Nsabwe ya pa repu imabereka mofanana ndi ya pa pecan, ndipo cypermethrin sasiyanitsa mphutsi ya ladybird ya ku Dedza ndi ya ku Albany.

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ndikufunsani mosabisa mawu. Botolo limene lili m'nyumba mwanulo, mukudziwa dzina la mankhwala ali m'katimo, kapena mumangolidziwa ndi mtundu wa chitsekerero? Munaligula lili ndi pepala lake, lovomerezeka ndi Pesticides Control Board, kapena anakutapirani m'kabotolo kopanda dzina pamsika? Pamene munapopera komaliza, munali mutaona kachilombo kanji, kochuluka bwanji, pa mitengo ingati? Kapena munapopera chifukwa linali Loweruka ndipo mnansi wanu nayenso anali atabereka mpope?

Nsabwe zikadzabuka m'munda mwanu nyengo ikubwerayi, sankhani mitengo khumi m'malo osiyanasiyana, mutembenuze masamba asanu pa mtengo uliwonse, mulembe m'kope nsabwe zimene mwaona ndiponso abwenzi amene mwawapeza pakati pake. Mubwererenso pakatha masiku atatu kapena anayi. Ngati nsabwe zikuchepa kapena zouma zija zikuchuluka, mpope ukhale m'nyumba. Ngati zikukwera ndipo wozidya palibe, pitani ndi tsambalo kwa mlangizi wa zaulimi musanapite kusitolo, ndipo mukapopera, poperani mitengo yokhayo imene yagwidwa.